Ndalama zatsekedwa mu akaunti chifukwa cha ngongole, poyambira ndi pati?

Mlamu wanga ndi mphunzitsi wa pulayimale, ndipo chaka chatha mwezi wina salale italowa anapita pa ATM kuti atapeko ya lendi ndi ya ufa, makina nkumuuza kuti ndalama nzosakwana pomwe meseji yoti malipiro alowa inali itabwera mmawa womwewo. Anayesa kachiwiri, chimodzimodzi. Atalowa mkati mwa banki anamuuza kuti pa akaunti yake pali oda ya khothi ndipo iwo palibe chomwe angachite. Anandiimbira foni mawu akunjenjemera, akuti achimwene ine kukhothi sindinapondeko chibadwire, ndiye khothi landigamula liti? Titakhala pansi madzulo ake mpamene anakumbukira kuti miyezi ingapo mmbuyomo kunabwera munthu kusukulu ndi mapepala, iye anasaina kuti walandira, nkuwaponya mu drowa osawerenga chifukwa ankadziwa kale kuti ndi za ngongole yomwe anatenga kukampani yobwereketsa ndalama ndipo mtima sunkafuna kuziona.

Ndinayenda naye nkhaniyi kuyambira kubanki mpaka kukhothi, ndiye ndikulemba zomwe tinaphunzira kuti wina zikamugwera asataye masiku ngati mmene ife tinatayira sabata yoyamba ija, kumangoimbira anthu mafoni osadziwa kolowera.

Choyamba dziwani kuti wadula ndalamayo ndani

Anthu ambiri akangoona kuti ndalama yasowa amati "abanki andibera" kapena "akhothi andilanda", koma njira zomwe ndalama imachokera mu akaunti chifukwa cha ngongole nzosiyana ndipo kothamangira nkosiyananso. Ngati ngongoleyo munatenga kubanki komweko komwe kumalowera salale yanu, iwo safunika kupita kukhothi ayi, pa fomu yomwe munasaina potenga loni nthawi zambiri pamakhala mawu oti mukalephera kubweza atha kudzitengera ndalama mu akaunti iliyonse yomwe muli nayo kwa iwo. Mwinanso munasainira kampani yobwereketsa ndalama kuti izidula mwezi ndi mwezi, kaya kubanki kaya kumalipiro konko ndalama isanafike nkomwe mu akaunti, ngati mmene zimakhalira ndi ogwira ntchito m'boma ambiri. Palinso ija yomvetsa chisoni ya katapila, yomwe munthu amasiya khadi la ATM ndi PIN yomwe mmanja mwa wobwereketsa, salale ikalowa mwini katapila ndiye amayamba kutapa. Zonsezi si za khothi. Ya khothi ndi ina, ndipo imabwera ndi pepala lokhala ndi chidindo komanso nambala ya mlandu.

Ndiye mukalowa m'banki musayambe ndi ukali, mtsikana kapena mnyamata wa pa kauntala uja sindiye watseka. Pemphani kuonana ndi woyang'anira maakaunti kapena manejala wa nthambiyo, mupemphe sitetimenti ya miyezi itatu kapena kuposerapo, kenako mufunse mwachindunji kuti kodi ndalamayi yachoka kale kapena yangogwidwa? Funso limeneli ndi lofunika kwambiri moti ndibwereranso. Akakuuzani kuti ndi oda ya khothi, pemphani kope yake, akavuta kukupatsani lembani pa pepala zinthu izi: khothi lake ndi liti, nambala ya mlandu, dzina la amene anakusumirani, maloya ake, ndalama zomwe zalembedwa, ndi tsiku lomwe nkhaniyo ikamvedwenso. Musatuluke opanda nambala ya mlandu, popanda imeneyo kukhothi akakuyendetsani mpaka nsapato kutha.

Ndipo musakakamize abanki kuti akutsegulireni mwachinsinsi poti mumadziwana ndi wina mkatimo. Banki ikalandira oda nkukupatsanibe ndalamazo, khothi litha kuilamula kuti ilipire yokha kuchokera mthumba mwake, nchifukwa chake pa nkhani imeneyi samva za chibale.

Odayo imayenda bwanji

Maloya ndi abanki ambiri amaitchulabe kuti garnishee, ena amangoti "amuganisha". Mu malamulo atsopano a kayendetsedwe ka milandu ku High Court omwe anayamba kugwira ntchito mu 2017 dzina lake ndi third party debt order, koma chinthu chake nchimodzimodzi. Ganizo lake nloti ndalama yomwe ili mu akaunti yanu ndi ngongole yomwe banki ili nayo kwa inu, ndiye khothi limauza banki kuti mmalo mopereka kwa mwini akaunti, perekani kwa uyu amene wapambana mlandu. Kuti zifike pamenepa payenera kukhala chigamulo kaye. Munthu sangangodzuka nkupita kubanki ndi pepala la mgwirizano wanu wa ngongole nkutseketsa akaunti, ayenera kusuma, kupambana, inu nkulephera kulipira, kenako nkupempha odayo.

Imabwera pawiri. Yoyamba ndi yongoyembekezera, imeneyi amaitenga inu osadziwa ndipo amachita dala kutero poopa kuti mukamva mukatapa zonse usiku womwewo. Ikafika kubanki ndalama imagwidwa, simungaitape koma sinapitenso kwa wokusumiraniyo. Kenako pamakhala tsiku loti khothi limve ngati pali chifukwa choletsa kuti odayo ikhale yomaliza, ndipo ikakhala yomaliza mpamene banki imatumiza ndalama. Pakati pa ziwirizi mpamene pali mpata wanu, nchifukwa chake ndinati mufunse ngati yachoka kapena yangogwidwa. Ya mlamu wanga inali itangogwidwa, tsiku lokamva nkhani linali patsogolo ndi masabata awiri, ndipo tikanangokhala pakhomo kudandaula tsikulo likanadutsa ife osadziwa.

Chinanso choti mudziwe, oda imagwira ndalama zokwana zomwe zalembedwa pa pepalapo. Ngati ngongole ndi K600,000 ndipo mu akaunti muli K900,000, funsani abanki chifukwa chomwe simungatapire yotsalayo, nthawi zina amangotseka akaunti yonse mwachangu ndipo ukafunsa bwinobwino amakonza.

Pitani kukhothi mukaone failo

Apa mpamene anthu ambiri amaopa, koma ku registry ya khothi, komwe amasunga mafailo a milandu, ndi ofesi ngati ina iliyonse. Tengani chiphaso chanu cha unzika, nambala ya mlandu ija, muuze kalaliki kuti ndinu wosumiridwa pa mlanduwu ndipo mukufuna kuona failo. Kujambulitsa mapepala kumakhala ndi kandalama kake, lipirani ndipo mutenge risiti ya boma, musapereke ya mmanja kwa wina aliyense wokuuzani kuti akuthandizani kuti failo isowe, failo ikasowa ngongole sisowa ndipo mwadziwonjezera mlandu wina woopsa kuposa woyambawo.

Mu failomo yang'anani samani yomwe anasumira, muone kuti akuti munabwereka zingati ndipo liti. Yang'anani pepala lolumbira la munthu amene akuti anakupatsani samaniyo, walemba kuti anakupezani kuti, tsiku liti, anasaina ndani. Ngati akuti anakupatsani ku Area 25 pomwe inu munasamukako zaka ziwiri zapitazo ndipo siginecha si yanu, chimenecho ndi chifukwa champhamvu kwambiri chopemphera kuti chigamulo chichotsedwe, chifukwa khothi siliyenera kugamula munthu amene sanauzidwe kuti wasumiridwa. Kenako onani chigamulo, nthawi zambiri pa nkhani zangati izi chimakhala chija amati default judgment, kutanthauza kuti simunayankhe ndiye khothi linangotenga mawu a mbali imodzi.

Ndiye khalani pansi ndi kakyuleta. Ine apa ndimalimbikira kwambiri chifukwa mpamene tinapeza cholakwika. Mlamu wanga anabwereka K350,000, anali atabwezako kanayi kudzera pa Airtel Money, koma pa samani ndalama zinayi zija sizinachotsedwe, anangolemba ngongole yonse nkuikapo chiwongola dzanja pamwamba, kuphatikizapo ndalama za maloya. Mwamwayi sanafufute mameseji, ndipo ena omwe anasowa tinakapempha sitetimenti ya nambala yake kushopu ya kampani ya foni. Ngati mumabweza ngongole pa Mpamba kapena Airtel Money kapena kudipozita kubanki, mameseji ndi timasilipi timeneto ndi mboni zanu, zijambuleni musunge pena. Kubweza pamanja popanda cholemba ndi komwe kumapweteketsa anthu ambiri, mawa wobwereketsa akakana mulibe pogwira.

Zomwe mungapemphe kukhothi

Zimatengera zomwe mwapeza mu failo, ndipo apa muyenera kudziuza zoona nokha. Ngati samani simunalandire, kapena ngongoleyo simukuidziwa, kapena munabweza kale, kapena chiwerengero nchabodza, mutha kupempha kuti chigamulo chija chichotsedwe kuti nanunso mumvedwe. Ku High Court malamulo a 2017 aja amapereka miyezi itatu kuchokera tsiku la chigamulo, mukapitirira pamenepo mumayenera kufotokoza momveka chomwe chinakuchedwetsani, ndipo jaji amafunanso kuona kuti muli ndi yankho lenileni pa mlanduwo osati kungofuna kugula nthawi. Pamodzi ndi pempho limeneli pemphaninso kuti ntchito yolanda iyambe yaima kufikira nkhani itamvedwa, chifukwa kungopereka pempho pakokha sikuimitsa banki kapena masherifu, omwe amalanda katundu mwalamulo.

Ngati ngongoleyo ndi yoona ndipo mukuidziwa, musataye ndalama ndi nthawi kukana, pemphani kulipira pang'onopang'ono. Makhothi ali ndi mphamvu yololeza zimenezi, koma samangomva mawu oti "zinthu zavuta", aliyense zamuvuta makamaka chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Tengani pay slip, risiti ya lendi, mapepala a fizi ya ana, za kuchipatala ngati zilipo, ngongole zina zomwe mukudulidwa kale, mulembe kuti pamwezi ndimalandira zakuti, zofunika pakhomo ndi zakuti, ndingakwanitse zakuti. Ndipo tchulani ndalama yomwe mudzaikwanitsedi, osati yongosangalatsa khothi tsiku limenelo, chifukwa mukadumphitsa mwezi wokusumirani uja amabwereranso ndi oda ina ndipo ulendo uno palibe amene adzakumvereni chisoni.

Pali nkhani ina yomwe imachitika kwambiri kwathu kuno, ndalama za anthu ena kukhala mu akaunti ya munthu mmodzi. Msungichuma wa banki mkhonde, wa kwaya, wa komiti ya maliro kuntchito, kapena mchemwali wanu ali ku Johannesburg amatumiza ndalama yomangira nyumba kudzera kwa inu. Banki siidziwa zimenezo, imangoona dzina lanu. Ngati zagwidwa ndi ndalama zotere, eni ake ayenera kubwera pa tsiku lomva nkhani lija ndi umboni, buku la gulu, mapepala otumizira ndalama, chilichonse chosonyeza kuti ndalamayo si yanu, khothi limamva zimenezi oda isanakhale yomaliza. Ndipo inu asungichuma amene muli ndi ngongole zanu zapadera, chonde tsegulitsani akaunti ya gulu, musaike ndalama za amayi makumi awiri pa dzina lanu.

Ngati chiwongola dzanja ndi chija chakatapila, choti K100,000 yasanduka K700,000 pa miyezi yochepa, dziwani kuti kuli lamulo lotchedwa Loans Recovery Act lomwe limapatsa khothi mphamvu younikanso mgwirizano ngati chiwongola dzanja chapyola muyeso ndipo nchopondereza, nkuchitsitsa kufika pomwe khothi laona kuti mpoyenera. Sikuti ngongole imafafanizika, yomwe munatenga mubwezabe. Kulinso Limitation Act yomwe imati ngongole ya mgwirizano wamba iyenera kusumiridwa zisanathe zaka 6, koma samalani, mukalipirako pang'ono kapena kulemba kalata yovomera ngongoleyo zaka zija zimayambiranso kuwerengedwa, ndiponso khothi silingakunenereni lokha, muyenera kuitchula nokha poyankha.

Zonsezi zimafuna mapepala olembedwa mwa dongosolo la khothi, ndiye ngati mungakwanitse loya mpezeni msanga ndipo mugwirizane mtengo poyambirira. Ngati simungakwanitse pitani ku Legal Aid Bureau, ali ndi maofesi ku Lilongwe, Blantyre, Mzuzu, Zomba komanso m'maboma ena, amayamba aona kaye kapezedwe kanu ndipo anthu amakhala ambiri, choncho musadikire kuti kutsale tsiku limodzi. Ku khothi la majisitireti anthu ambiri amadziyankhulira okha ndipo Chichewa chimaloledwa, womasulira amakhalapo. Chachikulu nchoti tsiku lija mukapezekepo, ngakhale loya simunampeze, imani nokha munene kuti ndikupempha nthawi.

Njira ina yomwe anthu amaiiwala ndi kungopita kwa maloya a mbali inayo nkukambirana. Iwo chomwe akufuna ndi ndalama, ndipo nthawi zambiri amalola kuti atengeko gawo la zomwe zagwidwa, zotsala azilandira mwezi ndi mwezi. Koma chilichonse mwagwirizana chilembedwe, musainirane, chikalowe mu failo ya khothi, ndipo abanki alandire pepala lowauza kuti atsegule. Lonjezo la pa foni banki silimva.

Samani ikangofika

Zonse ndalemba pamwambazi ndi zozimitsa moto nyumba itayaka kale. Nthawi yabwino inali tsiku lija munthu anabwera ndi mapepala kusukulu. Kukana kulandira samani kapena kuthawa sikuimitsa mlandu, wobweretsayo amangokalumbira kuti anakupezani, mlandu nkumapitirira inu kulibe. Landirani, lembani tsiku lomwe mwalandira pakona pa pepalalo, muwerenge mpaka kumapeto. Ku High Court mumakhala ndi masiku 14 oti muyankhe, ku majisitireti kayendetsedwe kake nkosiyanako ndiye tsatirani masiku kapena tsiku lomwe lalembedwa pa samanipo. Ngakhale ngongole mukuivomera, kuyankha kumakupatsani mpata wotsutsa chiwerengero ndi kupempha kulipira mwapang'onopang'ono ndalama za maloya ndi za masherifu zisanaunjikane pamwamba.

Musasokoneze samani ndi kalata yoopseza. Makalata a maloya oti lipirani pasanathe masiku 7 apo ayi tikusumirani si chigamulo, ndipo anyamata otolera ngongole omwe amaimba foni usiku kapena kubwera pakhomo ndi galimoto alibe mphamvu yonyamula katundu wanu kapena kukhudza akaunti yanu. Olanda katundu mwalamulo ndi masherifu, ndipo amayenera kuonetsa chiphaso ndi chikalata cha khothi, nkulemba mndandanda wa zonse atenga. Akatenga katundu wa munthu wina, tinene firiji ya mkazi wanu yomwe anagula yekha kapena sofa ya eni nyumba, mwini wake apite msanga ku ofesi ya sherifu ndi malisiti katunduyo asanagulitsidwe pa okushoni.

Za apolisinso ndinenepo chifukwa zimandipweteka mtima ndikaona mayi akugona mchitokosi chifukwa cha K50,000 ya banki mkhonde. Malamulo aakulu a dziko lino a 1994, gawo 19, amanena kuti munthu asamangidwe chifukwa cholephera kukwaniritsa mgwirizano, ndipo ngongole wamba ndi mgwirizano. Zimasintha ngati munatenga ndalamayo mwachinyengo, monga kupereka chikole chabodza kapena kugulitsa puloti yomwe si yanu, umenewo ndi mlandu waupandu. Komanso kunyozera dala lamulo la khothi, monga kukana kubwera khothi litakuitanani kuti mudzafotokoze za chuma chanu, kutha kukuikani mmavuto ena apadera.

Ndipo amene munasainira anzanu ngati guarantor, dziwani kuti siginecha ija sinali ya umboni chabe ayi, munalonjeza kuti iye akalephera mulipira ndinu, ndipo wobwereketsa atha kusumira inu nkugwira akaunti yanu mnzanuyo ali phee kwawo. Samani yotere ikabwera muyankhe ngati ngongole ndi yanu.

Nanga ngati si khothi?

Ngati mwapeza kuti ndi banki yomwe yadzidulira, pemphani kope ya mgwirizano wa loni muone ngati mawu aja alimo, ndipo muwerengere ngati adula zoyenera. Mukaona kuti alakwitsa lembani kalata yodandaula, musunge kope yodindidwa kuti alandira, akapanda kukuthandizani dandaulo lipite ku Reserve Bank of Malawi komwe kuli ofesi yoyang'anira mabanki ndi makampani obwereketsa ndalama omwe ali ndi ziphaso. Ngati ndi wakatapila yemwe ali ndi khadi lanu, khadi limenelo mutha kukalitseketsa kubanki nkutenga lina, PIN si chinthu chopereka kwa munthu, koma ngongole yake ikadalipo ndiye mukambirane zobweza mwa njira yolembedwa, akafuna kusuma akasume, kumeneko nkomwe nkhani ya chiwongola dzanja ija ikaunikidwe.

Mukamaliza kulipira musangopumira mmwamba nkuiwala. Tengani kalata yochokera kwa wokusumirani kapena maloya ake yonena kuti ngongole yatha, kope ina ipite mu failo ya khothi, ina kubanki, ina musunge nokha. Dzina lanu litha kukhalanso ku credit reference bureau komwe mabanki amayang'ana asanakupatseni loni ina, ndiye kalata yomweyo mukaigwiritse ntchito kuti akonze mbiri yanu.

Ya mlamu wanga inatha chonchi: tsiku lomva nkhani lisanafike tinapita kwa maloya a kampani yomwe inamubwereketsa ndalama ndi mameseji aja titawasindikiza pa pepala pamodzi ndi sitetimenti ija, anawerengera, anavomera kuti ndalamazo sizinachotsedwe ndipo chiwerengero chinatsika. Anatengako theka la salale yomwe inagwidwa, theka linalo linatsegulidwa patatha masiku anayi pepala losainirana litafika kubanki, yotsalayo akulipira K45,000 pamwezi ndipo silipi iliyonse akuisunga mu envulopu imodzi ndi kope ya mgwirizano uja. Kwatsala miyezi itatu kuti amalize.